Singano ya amayi ndi chipewa cha mbusa

Palibe mudzi m'dziko lathu lino umene sudaonepo mkangano wa chuma cha masiye, pamene anthu amene dzulo lake anali kulira limodzi pasiwa, atangoika mnzawo m'manda ndi kusesa pabwalo, ayamba kuwerengerana malata a padenga, njinga, wailesi, mbuzi za m'khola ndi makina osokera a mayi wamasiye. Ndipo vutoli lidafika pokula kotero kuti m'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano, limene lidayesa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake mlandu woti munthu akayankhe kukhoti. Komatu chilipo cholowa china chimene sichilembedwa pa mapepala a kwa DC, chimene achibale a malemu sangachikweze pa ngolo ngakhale atafika m'bandakucha: kagwiridwe ka singano, kayankhulidwe ka bambo akakhala pakhonde madzulo, kaponyedwe ka phazi m'bwalo la gule. Cholowa chotere mwana amachilandira osadziwa kuti walandira kanthu, ndipo kawirikawiri amadzachizindikira atakula, ali kutali ndi kwawo.

Amisiri awiri obadwira m'Malawi, amene maina awo lero amveka m'nyumba zikuluzikulu zoonetseramo zaluso ku Ulaya ndi ku America kuposa mmene amvekera ku Limbe kapena ku Kasungu, adamanga ntchito ya moyo wawo pa cholowa cha mtundu umenewu. Woyamba ndi mayi Billie Zangewa, amene adabadwira mu Blantyre m'chaka cha 1973, ndipo amasoka zithunzi ndi zidutswa za nsalu ya silika mu mzinda wa Johannesburg. Wachiwiri ndi bambo Samson Kambalu, obadwa mu 1975, amene amaphunzitsa zaluso pa yunivesite ya Oxford, ndipo ndiwo adaimika chiboliboli cha mbusa John Chilembwe pakati pa mzinda wa London. Ntchito zawo sizifanana m'maonekedwe ngakhale pang'ono, pakuti wina amagwira yake mwakachetechete pa tebulo la m'khitchini pamene mnzake amakonda misewu ndi mabwalo. Koma munthu akalondola mapazi a onse awiri amapezeka wafika m'nyumba imene adakuliramo asanafike pa sukulu iliyonse.

Mayi Zangewa ndi mwana wa maiko atatu. Bambo wawo anali Mmalawi, mayi wawo anali a ku South Africa, ndipo ubwana wawo wambiri adaudyera ku Botswana. Izi sizachilendo kwa ife amene tidziwa kuti njira ya kummwera idapondedwa ndi Amalawi osawerengeka kuyambira masiku a agogo athu, ena kupita kumigodi, ena kukaphika m'nyumba za azungu, ena kukakhala matelala, akalaliki ndi aphunzitsi, ndi kuti ambiri a iwo adakwatira komweko nabala ana amene dzina lawo ndi lathu koma chilankhulo chawo n'cha eni dziko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, adatero akale. Koma mwambiwo sunena za chimene mwanayo amayankha akafunsidwa kuti kwawo n'kuti, funso limene ana a matchona amakumana nalo kusukulu, kutchalitchi, pa chipata cha dziko, ndipo ngakhale pamaliro a bambo wawo weniweni.

Ali kamtsikana, mayi Zangewa ankaona amayi awo ndi anzawo atasonkhana m'nyumba, aliyense ndi nsalu yake pamiyendo, akusoka ndi kucheza. Aliyense amene adakulira pafupi ndi amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika aidziwa misonkhano yotere, ndipo adziwanso kuti nsalu ya patebulo kapena chotchingira pampando chimene chimatuluka m'menemo ndi gawo lochepa chabe la zimene zimachitika. Pakuti pomwe manja ali pa ulusi, pakamwa pamatuluka zimene mayi sangazinene pamaso pa mwamuna wake, za ndalama zosakwanira, za mwana wosamvera, za mutu umene sukuleka kuwawa, ndipo amene adafika ndi mtima wolemera amabwerera kwawo atapepukidwa. Kamtsikanako kadaona kuti kusoka kumatonthoza, kadasunga zimenezi mumtima mwake, ndipo padapita zaka zambiri kasanadziwe chochita nazo.

Adakaphunzira zaluso pa yunivesite ya Rhodes, mu mzinda umene nthawi imeneyo unkatchedwa Grahamstown koma lero ndi Makhanda, ndipo chimene adazama nacho kumeneko chinali kudinda zithunzi, ntchito yofuna makina olemera ndi chipinda chakechake. Atamaliza maphunzirowo chapakati pa zaka za m'ma 1990, dziko la amayi awo litangomasuka ku ulamuliro wa tsankho, adapezeka alibe makinawo, alibenso ndalama zowagulira. Ndipo m'kusowa kumeneko ndimo adabwerera ku singano, chida chimene chimakwana m'thumba ndipo sichilira magetsi. Adayamba ndi tizikwama ta m'manja topetapo maluwa ndi nyama za ku Botswana, kenaka nyumba zosanja ndi misewu ya mu Johannesburg, kumene adagwirako ntchito za mafashoni ndi zotsatsa malonda. M'chaka cha 2004 zikwama zitatu zotere zidawapezetsa mphotho yotchedwa dzina la Gerard Sekoto, yopereka mwayi wokakhala miyezi ingapo ku Paris. Tinene modutsa kuti Sekoto mwini, mmisiri wamkulu wa ku South Africa, adapita ku Paris mu 1947 ndipo adamwalira komweko mu 1993 osapondanso kwawo. Mphothoyo, tsono, ili ndi dzina la mtchona.

Kapangidwe ka zithunzi zawo n'kofunika kudekha kwa munthu wofuna kuona maso a nkhono. Amayamba ndi chithunzi cha kamera, nachijambulanso ndi pensulo pa pepala lalikulu, nalidula pepalalo m'zigawo. Chigawo chilichonse, kaya ndi mthunzi wa pansi pa chibwano, kaya ndi kuwala kwa pa botolo, amachisankhira mtundu wake wa silika, nachidula ndi sizasi, nachigwiriziza ndi mapini, ndipo pomaliza amasoka chilichonse ndi manja, kansonga ndi kansonga, kufikira khungu la munthu litaoneka ngati lamoyo. Silika amene amagwiritsa ntchito ndi wosasalala, wokhala ndi timfundo m'kati mwake, ndipo amanyezimira mosiyanasiyana munthu akamayenda patsogolo pake, kotero kuti nkhope imene inali yodera ukaima kumanzere imawala ukafika kumanja. Chithunzi cha pa nyuzipepala kapena pa foni chimapha kunyezimira kumeneku, ndipo ambiri a ife, amene tidangoziona ntchitozi pa intaneti, tidaona theka lake lokha.

Poyamba adasoka mzinda ndi mkazi wa mumzinda. Chithunzi chawo cha mu 2010, The Rebirth of the Black Venus, chionetsa mkazi wakuda wamtali kupambana nyumba zosanja za mu Johannesburg, atayima pamwamba pa mzindawo ngati mwini wake, wosapempha chilolezo kwa munthu. Koma atabala mwana wawo wamwamuna, singano idatembenukira m'nyumba, ndipo apa ndi pamene ine ndiona ukulu wa ntchito yawo. Mu Mother and Child ya 2015 muli mayi ndi khanda m'khitchini. Mu Temporary Reprieve ya 2017 muli mwana ali m'tulo, ndipo mayi aliyense amene adapumirapo m'mwamba mwana wovuta atagona sasowa womumasulira. Mu Soldier of Love ya 2020 muli mayi atavala chikhoti, atagwira mwana padzanja, akumuperekeza kusukulu. Ndipo mu Heart of the Home ya chaka chomwecho, chimene mliri wa Covid-19 udatseka masukulu, muli mwana akuphunzira pa tebulo la m'khitchini, mayi wake ali chiimire pambali pake. Mulibe mfumu, mulibe nkhondo, mulibe njala kapena misozi imene azungu adazolowera kuyembekezera m'zithunzi za ku Africa. Muli ntchito zija zimene mayi amagwira kuyambira tambala woyamba kufikira ana atagona, zimene sizilipidwa ndipo siziyamikidwa, chifukwa zimaoneka pokhapokha tsiku limene sizidagwiridwe.

Iwo eni amati ntchitoyi ndi kumenyera ufulu wa amayi kwa tsiku ndi tsiku, ndipo mawuwo ali ndi maziko, pakuti kwa zaka mazana ambiri nyumba zosungiramo zaluso za ku Ulaya zidadzala ndi matupi a akazi ojambulidwa ndi amuna kuti amuna anzawo akondwere, ndipo mkazi wakuda akaonekamo ankaoneka ngati wantchito wonyamula maluwa kumbuyo kwa dona. Mayi Zangewa amadzisoka okha, monga adziona okha, ali kusamba, ali kuwerenga, ali m'dimba usiku, ndipo amatero ndi luso lomwelo limene aphunzitsi a zaluso ankalinyoza kuti ndi ntchito yamanja ya azimayi. Lero nsalu zawo zasungidwa ku Tate mu London, ku Centre Pompidou mu Paris ndi ku Smithsonian mu Washington. Chionetsero chawo cha ku Seoul mu 2021, chotchedwa Flesh and Blood, chidali cha abale ndi abwenzi amene munthu amawayesa abale, ndipo m'chaka chomwecho Museum of the African Diaspora ya ku San Francisco idasonkhanitsa ntchito zawo za zaka zambiri m'chionetsero chimodzi.

Alipo Amalawi amene, poona zithunzizi, amadandaula kuti simuoneka Malawi: mulibe chitenje, mulibe nyanja, mulibe mtondo ndi munsi kapena phiri la Mulanje. Dandaulo limeneli ndilimva, koma sindigwirizana nalo. Tidazolowera kuganiza kuti chikhalidwe ndi zinthu zimene timavala pa tsiku la Kulamba kapena la Umhlangano, ndi kuti mmisiri wathu adziwike ndi mbiya yosenzedwa pamutu. Ndipo maganizo amenewa ndiwo adasandutsa osema ambiri a m'mphepete mwa misewu yathu akapolo a zofuna za alendo, kotero kuti mnyamata waluso lodabwitsa amatha moyo wake wonse akusema njovu yomweyo, mpando wa mfumu womwewo ndi mvuu yomweyo. Mayi Zangewa akadasoka mbiya imene sadaisenzepo akadakhala mboni yonama. Adasoka khitchini imene amaphikamo, ndipo mayi wa ku Ndirande, ngakhale khitchini yake ili ya mbaula, angazindikire kutopa kwa mapewa amenewo msanga kuposa katswiri aliyense wa ku Paris.

Chinanso chimene munthu sangalephere kuona ndi chakuti nsalu zawo sizikhala za ngodya zinayi zolongosoka: m'mphepete mumakhala mosadulidwa bwino, ulusi ukulendewera, ndipo nthawi zina chigawo chathunthu chimasoweka, ngati wina adachidula ndi kupita nacho. Ena amati mipatayo ndi zipsera za moyo. Ine ndimaiona ngati malo a anthu amene banja lililonse lobalalika m'maiko limawasowa pa chithunzi, agogo amene mwana sadawaonepo, msuweni amene adangomumvera dzina. Koma kumeneko ndi kuwerenga kwanga, ndipo sindiwaika mawu m'kamwa eni nsalu. Chimene chimandivuta pang'ono ndi china: mu 2023 kampani ya Louis Vuitton idatulutsa chikwama chokongoletsedwa ndi luso lawo, cha mtengo umene mayi wa pa msonkhano wosoka uja sangaufike ngakhale atasoka moyo wake wonse. Wantchito ayenera malipiro ake, ndipo sindingamuletse mmisiri kudya thukuta lake. Ndingoona kuti ntchito imene idabadwa chifukwa chosowa ndalama yafika pamalo pamene osowa ndalama sangalowe.

Cholowa cha bambo Kambalu chidadzera kuchimuna, ndipo chinali cha mawu. Bambo wawo anali wa zachipatala m'boma la Dr. Banda, wosamutsidwa kuchoka boma lina kupita lina pamodzi ndi banja lake lalikulu, munthu wokonda mabuku a nzeru zakuya za anthu a ku Ulaya ndi wokonda kuyankhula, amene ankasonkhanitsa ana ake ndi kuwathira mawu ataliatali achingerezi okhudza Mulungu, tsogolo ndi ukulu umene ankakhulupirira kuti uli m'magazi mwawo. Ana adawapatsa dzina chifukwa cha kuyankhulako, ndipo dzinalo ndilo mutu wa buku limene mwana wawo adasindikiza mu 2008, The Jive Talker, losimba za ubwana wake mosabisa umphawi, matenda kapena zofooka za kholo. Mwana wa Chichewa saulula za m'nyumba kubwalo, ndipo ena adzati bukulo lidapitirira malire. Koma woliwerenga mpaka kumapeto amaona kuti ndi maliro a mtundu wina, olira bambo mwa kumuseka ndi kumukonda nthawi imodzi, monga achitira adzukulu kumanda.

M'nyumba imeneyo, mmene Baibulo ndi mabuku okana Mulungu ankagona pa shelefu imodzi, mnyamatayo adatenga mpira wamiyendo naukuta ndi masamba a Baibulo. Ndipo masewera a ubwanawo adadzasanduka ntchito yake yoyamba kutchuka, Holy Ball, imene adaionetsa ku Chancellor College mu Zomba m'chaka cha 2000, naitana anthu kuti aumenye mpirawo. Mkhristu angakhumudwe, ndipo sindimuweruza. Koma funso limene mpirawo ufunsa ndi la ife tonse amene Lamulungu m'mawa tili m'tchalitchi ndipo masana ake tili kubwalo la Bullets ndi Wanderers, tikufuula ndi mawu omwewo. Asanafike ku Zomba adali atadutsa pa Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene idatsegulidwa mu 1981 kuti ana osankhika a Malawi aphunzire Chilatini ndi Chigiriki pakati pa minda ya fodya ya ku Kasungu, m'dera lomwelo limene ng'oma za gule zimamveka usiku. Ana ambiri otuluka m'sukulu yotere amasankha mbali imodzi nanyoza inayo. A Kambalu adakana kusankha.

Atapita ku England, kumene adaphunzira ku Nottingham ndi ku London mpaka kutenga digiri ya udokotala, adayamba kupanga timafilimu tosapitirira mphindi imodzi, timene amatitcha Nyau Cinema. M'timafilimuti, tooneka ngati ta makedzana, iwo eni amaoneka m'misewu ya maiko achilendo akuchita zodabwitsa, kulumpha, kuyenda chobwerera, kubwereza kanthu kamodzi kosatha, monga chilombo chimene chatulukira pamsika n'kusokoneza malonda kwa kanthawi. Amati adatengera ku gule ndiponso ku akanema a ubwana wawo, amene oonetsa ake ankadula filimu ndi kulumikiza zigawo zokoma zokhazokha kuti anthu asagone. Mu 2015 adaitanidwa ku chionetsero chachikulu cha ku Venice, ndipo kumeneko adakokeredwa kukhoti ndi Gianfranco Sanguinetti, Mtaliyana amene pa unyamata wake ankalalikira kuti nzeru zilibe mwini, koma atakalamba adagulitsa makalata ake ku yunivesite ya Yale. A Kambalu adawajambula makalatawo nawaonetsa kwa aliyense, ndipo khoti lidawapeza osalakwa.

Ntchito yawo yodziwika koposa idavundukulidwa pa 28 Seputembala 2022 pa bwalo la Trafalgar Square. Pa ngodya zinayi za bwalolo pali nsanja zamiyala. Zitatu zidanyamula mfumu ndi akazembe a nkhondo a ufumu wa Britain, koma yachinayi, yomangidwa mu 1841, idakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150 chifukwa ndalama za chiboliboli chake zidatha, kufikira mu 1999 pamene adayamba kuikapo ntchito za amisiri amakono mosinthanasinthana. Pamenepo ndi pamene a Kambalu adaimika amuna awiri otengedwa pa chithunzi cha 1914, chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu: mbusa Chilembwe ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Chorley adamupanga wa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe adamukuza pafupifupi kawiri, ndipo onse awiri avala zipewa.

Wachinyamata wa lero angafunse kuti chipewa chili ndi kanthu kanji. Agogo ake akadamuyankha kuti m'masiku a thangata munthu wakuda, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mbusa wodzozedwa, ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu ngakhale patali, ndipo wozengereza ankakalipiridwa kapena kumenyedwa kumene. Kotero kuti pamene boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe lofufuza zimene zidautsa nkhondo ya Chilembwe, mboni zachikuda zidatchula nkhani ya chipewa pamodzi ndi ya msonkho, ya malo ndi ya zikoti za m'minda ya azungu. Chilembwe adali ataphunzira ku Lynchburg m'dziko la America, adali atamanga masukulu ndi tchalitchi cha njerwa, ndipo chakumapeto kwa 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu ake akufa pa nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake adaukira. Pa 3 Febuluwale iye adaphedwa akuthawira ku Mozambique, ndipo asilikali adagumula tchalitchi chija ndi mabomba. Tsono kuimika munthu ameneyu, chipewa chili kumutu, pakati pa likulu la ufumu umene udamupha, pamaso pa akazembe ake, ndi mlandu umene udagona zaka 107 usanapeze woutula pabwalo.

Chimene chidazunguza Angerezi ambiri ndi dzina la chibolibolicho, pakuti a Kambalu adachitcha Antelope pamene palibe nyama iliyonse pa nsanjapo. Mchewa sazunguzika. Adziwa kuti mwa zilombo zonse za gule wamkulu, cholemekezeka ndi Kasiyamaliro, chachikulu, cha maonekedwe a nyama ya nyanga, chimene chimatuluka kudzaperekeza mzimu wa womwalira kuti ukakhale pakati pa makolo, ndipo chimayesedwa mayi wa mtundu wonse. Chilembwe sadalirike monga alirira munthu wamkulu; adaikidwa mobisa, ndipo mbumba yake idabalalika. Pomutcha dzina limeneli, mmisiri adachita chimene mudzi umachitira munthu wake patapita nthawi, ndipo adachita mochenjera, pakuti mbusa wa Baptist, amene mpingo wake sukadayanjana ndi dambwe, adalandiridwa m'chikumbukiro cha mtundu kudzera pa khomo la gule. Chorley naye sadamuchotse, ngakhale kukadakhala kosavuta kutero. Adamusiya ayime pomwepo, wamng'ono koma wosanyozeka, chifukwa mbiri yathu ili ndi azungu amene adayima pafupi ndi Chilembwe, kuyambira Joseph Booth amene adapita naye ku America mu 1897, ndipo wokamba mbiri ya banja moona sadula pa chithunzi wachibale amene samukonda.

Funso lovuta lilipo, ndipo akuluakulu a kumudzi ali ndi ufulu wolifunsa: kodi za kudambwe zimatuluka bwanji kukafika ku Venice ndi ku Oxford, ndipo adaloleza ndani? Bungwe la UNESCO lidalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi mu 2005, koma chilengezo cha ku Paris sichimasula chinsinsi cha ku Dedza. M'kuona kwanga a Kambalu sadaulule kanthu. Sadanyamule chigoba kukachipachika pakhoma, monga adachitira atsamunda amene adadzaza nyumba zawo zosungiramo zakale ndi zinthu zathu zopatulika. Adatengako khalidwe lake la gule, ndilo kuseka amphamvu pamaso pawo, kusandutsa mlendo aliyense chilombo chovinidwa, ndi kupatsa anthu chisangalalo chosagulitsa. Gule yemweyo adavina mzungu wofiira nkhope, adavina Maliya, adavina galimoto. Sadayambe wakhalapo chinthu choopa zachilendo. Amene afuna umboni apite ku Mua, kumene bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni mu 1976, akaone zigoba mazanamazana za m'nyumba ya Chamare, mmene mbiri yonse ya dziko lino, ya mishoni, ya ndale ndi ya matenda, idalembedwa pa nkhope zosema.

Chiboliboli chija chidatsika pa nsanja yake mu 2024, nthawi yake itakwana, ndipo malo ake adatenga mmisiri wa ku Mexico, Teresa Margolles. Amalawi amene adachiona ndi maso ndi okhawo okhala ku Britain ndi apaulendo owerengeka. Ena tonse timamudziwa Chilembwe wa pa ndalama ndi wa tchuthi cha pa 15 Januwale. Nsalu za mayi Zangewa nazo zili m'maiko a eni ndalama. Tisafulumire kuloza chala amisiriwo, pakuti ntchito yotere imafuna nyumba yosadontha, yotetezedwa ku dzuwa, chinyezi ndi njenjete, ndi anthu olipidwa kuti aisamale. Ndipo dziko limene makolo ake adajambula pa miyala ya ku Chongoni, malo 127 amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006, likadali kuyesa phunziro la zaluso chinthu chopatsa ana amene masamu awakanika.

Pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene amisiri awiriwa adatsamirapo onse, ndicho chithunzi cha kamera. Popanda munthu amene adayimika kamera ku Mbombwe, ndi ena amene adasunga pepalalo tchalitchi chitagumulidwa mpaka George Shepperson ndi Thomas Price adalemba mbiri ya Chilembwe m'buku lawo la 1958, sitikadadziwa kuti mbusayo adavala chipewa tsiku limenelo. Tchalitchi chimene chili ku Mbombwe lero ndi china, chomangidwa Dr. Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. M'nyumba zathu zambiri mudakali ma alubamu a zithunzi za kwa wojambula wa patauni, za ukwati, za ubatizo, za bambo atavala suti ya ku Joni atatsamira njinga yatsopano, ndipo zambiri mwa izo zikudyedwa ndi chiswe m'masutikesi a pansi pa bedi, kumbuyo kwake kosalembedwa dzina kapena chaka, pamene okhoza kutchula anthuwo akutha mmodzimmodzi. Za masiku ano ndiye zili m'mafoni, mazana ndi mazana, zosatsukidwa ngakhale chimodzi, ndipo foni ikasowa m'minibasi ya ku Area 25, agogo, ukwati ndi ubatizo wa mwana woyamba zimatsikira limodzi pa siteji ya wakubayo.